Njuchi za Atsibweni Samueli

Senga Bay, Salima
10 Malichi, 2024

Wokondedwa mwana wanga Tamanda,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino kumeneko ku Joni. Ife kuno tili bwino, kupatula maondo angawa ndi makutu amene ukuwadziwa kale. Usadzivutenso ndi foni. Ndimangoona milomo ya mlongo wako Yamikani ikugwedezeka akamandibwerezera zimene wanena. Hidaya, mwana wa a Saidi apafupi nafewa, akubwera kumeneko kudzapikula katundu wake, ndiye ndati ndilembe.

Nkhani ndi ya atsibweni ako, Bulazala Samueli. Nyumba yawo ya pa Chitunda ikutsekedwa. Anyamata a masiku ano sakulowa ubulazala, moti m'chinyumba chonse chija mwangotsala nkhalamba zitatu. Akuluakulu a mpingo aipereka kwa anthu ena kuti aikonze, ikhale malo opumulirako alendo ndi osungira mbiri. Akuti anthu a m'tauni azibwera kudzatikitidwa thupi, kumwa madzi a masamba ndi kukhala chete. Ndinaseka. Kukhala chete kumene atsibweni ako achita ulere kuyambira ine ndili namwali, lero anthu azikwerera galimoto kuchokera ku Lilongwe.

Koma kuseka kwanga kunathera panjira. Abulazala atatuwo awatenga mu Sepitembala kupita kunyumba yawo yaikulu ku Zambia. Azikakhala kumeneko mpaka Mulungu adzawaitane, ndipo adzaikidwa komweko.

Lamulungu titaweruka ku Misa ndinakwera Chitunda. Ndinawapeza kuming'oma yawo ya njuchi, ndiye ndinaima patali monga ukudziwa kuti ine ndi njuchi sitimwerana madzi. Atabwera ndinati, “Achimwene, nkhaniyi mwailandira bwanji?”

Anati, “Komwe anditume ndipita. Ndinalumbira kumvera.”

Basi. Ndimawadziwa achimwene anga. Tsiku limene ankalowa ubulazala pageti la pa Chitunda lija ndinagwira malaya awo ndikulira, ndipo wansembe wachizungu anandiuza kuti ndisalimbane ndi Mulungu. Chiyambire tsiku limenelo sindinawapemphenso kanthu, ndipo sindiyamba lero ndi imvi kumutu. Koma zikundiwawa, mwana wanga. Tinabadwa asanu ndi awiri, tatsala awiri. Mwini mbumba wathu akagone pakati pa alendo, manda a amayi athu ali pompano?

Ukapeza mpata unditumizireko mafuta opaka m'maondo aja onunkha ngati switi.

Ndine mayi wako,
Eveles


Johannesburg
6 Epulo, 2024

Amayi okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Mafuta ndamupatsa Hidaya, ndipo ndi opaka, Amayi, osati onunkhiza alendo.

Pukutani misozi. Nkhani ya atsibweni ndi yaing'ono, ndipo yagwera m'manja mwa munthu woidziwa. Mwaiwala kuti hotela imene ndimagwira ntchito kuno ndi ya zomwezo? Anthu otopa ndi ndalama zawo ndimawatikita tsiku lililonse, ndipo ndimadziwa chimene amafuna. Matawulo oyera ali paliponse. Chimene chimasowa ndi munthu weniweni wa pamalopo, woti awafotokozere kuti khoma ili anamanga ndani, belu ili linabwera bwanji. Senta ya pa Chitunda yopanda Bulazala ingakhale ngati ndiwo zopanda mchere.

Ndafufuza. Amene aziyendetsa malowo ndi Mcdonald, mnzanga wa kusekondale, uja ankabwera kwathu kudzamaliza mango a kuseri. Ndamuimbira ndipo sanalimbelimbe. Atsibweni awasiyira chipinda chawo chomwe chija, chakudya, komanso namwino wa alendo aziwaona. Ntchito yawo kuyendetsa alendo atavala mkanjo wawo, ndipo uchi wawo azigulitsa m'mabotolo okhala ndi chithunzi chawo. Sachoka pa Chitunda, inu muziwaona Lamulungu lililonse monga kale, ndipo za ku Zambia ziiwalike.

Inu musawauze kanthu. Mukayamba ndi misozi nkhani idzaonongeka. Mcdonald akalankhula nawo mwaulemu, komanso ndi Bambo wamkulu wa nyumbayo. Inu ingokhalani phee, muone mmene mwana wanu amagwirira ntchito ali kutali.

Mundilembere mmene zayendera. Moni kwa Yamikani, mumuuze kuti ndikudikirabe dzina la mlamu.

Mwana wanu,
Tamanda


Senga Bay, Salima
19 Meyi, 2024

Tamanda mwana wanga,

Moni wa kunyanja. Kalata yako yafika mochedwa chifukwa Hidaya anadwala kumeneko, koma mafuta afika ndipo maondo akuthokoza.

Pa Chitunda pali fumbi lokhalokha. Tizipinda ta abulazala akutipaka laimu ndi kuikamo magalasi aakulu. Chipinda chodyera, mmene ankadya chamumtima wina akuwerenga buku, akuikamo zinthu zakale: makina osokera a Bulazala wachijeremani uja, mabuku a ubatizo, ngakhale mpando wa dokotala wa mano umene unatiliza tonse m'mudzi muno. Kunena zoona akukonza bwino. Denga linali litayamba kudontha, ndipo ana ambiri a m'mudzi apeza ntchito.

Mcdonald wako anabwera kudzandiona. Wanenepa, koma ulemu sanataye. Akuti analankhula ndi atsibweni ako, anawafotokozera zonse bwinobwino, ndipo iwo anangoti, “Ndamva.” Mnyamatayo wakondwa, akuti avomera. Ine sindinamutsutse, koma “ndamva” wa achimwene ndimamudziwa. Ndi mawu amene amayankha ngakhale ukawauza kuti kukubwera mvula.

Tsono tamvera zimene zikuchitika kuno. Masabata angapo apitawa pakhomo pano panafika ngolo ya a Saidi itadzaza mbande za mandimu, malalanje ndi mango omezanitsa, zochokera kudimba la abulazala. Atsibweni ako anali pambuyo pake wapansi. Anazungulira bwalo lonse, kufunsa kumene dzuwa limawomba m'mawa, kumene mwera umalowera, ndi mtunda wa kumjigo. Anakumba okha maenje, munthu wa zaka zimenezija, Yamikani akungowapatsira madzi. Sabata yotsatira kunabwera khasu lawo, chikwanje, ndi kampando kawo kachikopa kaja.

Iwe ndiwe mwana, sungadziwe. Munthu wamkulu akayamba kugawa zipangizo zake ndiye kuti akutsanzika. Atate athu anachita chimodzimodzi ndi maukonde awo chaka chimene anatisiya. Achimwene akundisiyira chikumbutso, apite. Ndinathokoza mogwada monga kuyenera, koma atangopotoloka ndinalowa m'nyumba kukalira.

Mayi wako,
Eveles


Johannesburg
15 Juni, 2024

Amayi,

Ndili bwino, kungoti kuno kwazizira koopsa.

Inu mumaona maliro paliponse. Palibe amene akutsanzika. Mcdonald wandiuza kuti pamene panali dimba akuika kapinga woti alendo azichitirapo masewera odziwongola m'mawa. Nanga atsibweni akanasiya mbande zawo zife? Azipulumutsa basi, ndipo azipereka kwa mlongo wawo. Khasu alichita nalo chiyani munthu amene ntchito yake ikhala yolankhula ndi alendo?

Mwezi wamawa kubwera alendo oyamba, ongoyesera. Mupiteko, muvale chitenje chija ndinakutumizirani pa Khirisimasi, mukaone achimwene anu akuwala. Mukabwerako mundilembere kalata yondipepesa, ndipo ikhale yaitali.

Wanu,
Tamanda


Senga Bay, Salima
21 Julayi, 2024

Tamanda,

Tili moyo. Kalata yaitali ndi imeneyi, koma yopepesa ayi.

Ndinapita, chitenje chako ndinavala. Alendo anabwera basi yodzaza, anthu abwino ndithu, ovala zoyera ngati akukalandira Ukaristia woyamba. Atsibweni ako anawayendetsa paliponse. Anawaonetsa njerwa zimene agogo athu anaumba, chitsime, ndi belu. Anthu anawakonda. Mumtima ndinati mwina mwana uja wakhoza.

Kenako tinalowa m'katchalitchi kawo. Ukaristia anauchotsamo kale, ndipo kanyali kofiira kaja kamene sikankazima anakazimitsa. Achimwene atangolowa anagwada bondo limodzi monga achitira moyo wawo wonse. Ali chigwadire anakweza maso, n'kupeza kuti kutsogolo kulibe kanthu. Anakhala pomwepo ngati munthu amene wagogoda pakhomo pa mnzake n'kuuzidwa kuti anasamuka. Mayi wina, mosadziwa, anati, “Bulazala, takhalani choncho pang'ono ndikujambuleni.” Ndipo anakhaladi mpaka anajambula. Ine ndinatuluka.

Alendo atapita achimwene anamuitana Mcdonald, ine ndili pomwepo. Analankhula mokweza kuti nanenso ndimve. Anati, “Mwana wanga, nyumba ino mwaipezera ntchito yabwino. Otopa azipumuliramo, ndipo ife tinaimangira zomwezo. Koma ine musandiike pamodzi ndi makina osokera. Ndikadali moyo.” Mcdonald anagwetsa nkhope, n'kupepesa. Bambo wamkulu akuti galimoto ya ku Zambia ibwera pakati pa Sepitembala.

Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, Lachiwiri m'mamawa ndikutsegula chitseko ndinapeza ngolo ya a Saidi ili kuseri kwa nyumba, achimwene ndi Yamikani akutsitsa ming'oma. Yonse, mwana wanga, pansi pa mtengo wa mthethe uja. Njuchi! Munthu amene anandibereka kumsana kuthamangira nane kuchipatala cha mishoni nditatupa ngati mtanda wa buledi, njuchi imodzi yokha itandiluma tili ana. Amadziwa bwino kuti ine ngakhale pafupi sindingayandikire. Yamikani nayenso ndi wa m'madzi, za utsi ndi kufula uchi sazidziwa. Anthu ena alongo awo amawasiyira wailesi, ine andisiyira imfa kuseri kwa bafa.

Ndinawafunsa kuti, “Nanga izi, achimwene?”

Anati, “Pano pali mthunzi wabwino.” Anaima pang'ono akundiyang'ana ngati pali china, kenako ananyamuka.

Ndaganiza. A Saidi apita ku Mbenji kukagula nsomba. Akangobwera ndiwapatsa ming'oma yonseyi, akaike kumunda kwawo ku Lifuwu. Mitengo ndisunga, koma njuchi ayi. Za atsibweni ako zatha, tingowapempherera ulendo wabwino.

Mayi wako,
Eveles


Johannesburg
11 Ogasiti, 2024

Amayi anga,

Moni. Zina ndilemba tsiku lina. Choyamba ndi ichi: njuchi musapatse munthu.

Za ku senta ndinaphonya, ndavomera. Ndinawapezera malo atsibweni osawafunsa ngati akuwafuna. Koma inunso mwaphonya, ndipo ulendo uno ndikunena zimene ndikudziwa. Makalata anu ndawawerenga mobwereza mpaka afewa. Mwalemba nokha kuti atsibweni amadziwa kuti inu simungayandikire njuchi, ndipo Yamikani sazidziwa. Nanga pakhomo panupo aziweta ndani? Munthu amene wasamala njuchi zake zaka zonsezi angazisiye poti zikafe? Akanafuna kugawa, akanapatsa a Saidi okha, poti ngolo inali yawo yomwe.

Taganizani bwino. Wotsanzika safunsa kumene mwera umalowera. Sayeza mtunda wa kumjigo. Sabzala mango oti adzabereke patapita zaka, n'kutumiza khasu lolimira mitengo yomweyo ndi mpando wokhalapo akatopa. Atsibweni sakugawa katundu, Amayi. Akusamuka, ndipo akusamukira kwa inu. Chatsala pa Chitunda ndi thupi lawo lokha.

Mudzati bwanji osangonena. Anena bwanji? Analumbira kuti sadzadzisankhira pokhala, ndiye pakamwa pawo sipangatuluke mawu akuti ndikufuna. Komanso ndi liti munamva mwini mbumba akupempha malo ogona kwa mbumba yake? Ndi mbumba imene imapita kukamutenga. Inu munawafunsa kuti nkhani ailandira bwanji. Simunawauze kuti bwerani kwathu. Aliyense wa ife walankhula ndi wina aliyense, koma mawu awiri amenewo palibe wawanena. Safunsa anadya phula, Amayi, ndipo ife tatsala pang'ono kulidya uchi uli kuseri kwa nyumba.

Ndikudziwa chimene mukuopa. Mukuopa geti lija, kuti adzakusiyaninso muli chiimire. Koma nthawi ija munali kamtsikana kogwira malaya. Lero ndinu mwini mudzi wa ana ndi zidzukulu za amayi anu. Pitani kwa Bambo wamkulu, mutenge Yamikani ndi nkhuku, mukapemphe mwamwambo. Mukakanidwa, mlandu ukhale wanga. Koma simukanidwa.

Ndamuuza Hidaya kuti kalata iyi asaiike pansi pa katundu.

Mwana wanu wosamva uja,
Tamanda


Senga Bay, Salima
22 Sepitembala, 2024

Mwana wanga Tamanda,

Tili bwino tonse. Khala pansi uwerenge.

Basi ya Hidaya inafera m'njira ku Tete, katundu wake n'kugwidwanso pachipata, moti kalata yako inandipeza kutatsala masiku owerengeka kuti galimoto ya ku Zambia ifike. Nditaiwerenga ndinakwiya. Ndinati kamwana aka kayamba liti kundiphunzitsa za mlongo wanga? Ndinaiponya m'dengu la usipa.

Madzulo ake ndinapita kwa a Saidi kukawauza za ming'oma, poti anali atabwera. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, “Mayi Eveles, njuchi zija sindingalandire. Wallahi, tsiku limene tinkazitsitsa, Bulazala anandifunsa ngati njira ya kutchalitchi kuchokera pakhomo panu imadzaza madzi nthawi ya dzinja. Ndinkayesa mukudziwa.”

Ndinabwerera kunyumba. Kalata yako ndinaitola m'dengu, ikununkha usipa mpaka lero.

M'mawa mwake ndinagwira tambala wathu woyera. Yamikani anavala jekete la malemu bambo ako. A Saidi anamanga ng'ombe pangolo. Ndinati, “Ngolo ya chiyani, poti sitikudziwa yankho?” Iwo anati, “Wokatenga munthu sapita wapansi. Inshallah, sibwerera yopanda kanthu.”

Pageti pali mlonda tsopano, ndi chikwangwani chopempha anthu kuti asachite phokoso. Tambala sadziwa kuwerenga. Tinadutsa pakati pa alendo atagona pakapinga maso ali chitsinzire, iye akulira kukhwapa kwanga, ine mutu uli m'mwamba. Mcdonald anatiperekeza yekha mpaka kuchipinda cha Bambo wamkulu.

Anawaitana achimwene. Sutikesi yawo inali itatsekedwa kale pakhonde, yaing'ono ngati ya mwana wa sukulu. Ndinagwada ndi maondo angawa, n'kuika tambala pansi. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangoti, “Bambo, tabwera kudzapempha mwini mbumba wathu. Munamubwereka kwa ife ali mnyamata, wakutumikirani mpaka wakalamba. Kwathu kuli chipinda, kuli mitengo yofuna madzi, ndipo njuchi zandikanika.”

Bambo wamkulu, yemwe nayenso ndi nkhalamba yogwedera, anavula magalasi. Anati, “Mayi, lamulo lathu limalola kuti m'bale wokalamba akakhale kwa abale ake, ngati abalewo apempha. Ndinamufunsa Samueli miyezi yapitayo ngati kwawo apempha. Anati ayi. Ine sindikanamukankhira pakhomo pa munthu.” Kenako anatembenuka. “Samueli, ukuti bwanji?”

Achimwene anati, “Komwe munditume ndipita, Bambo.”

“Ndikukutuma kwa mlongo wako. Ukapemphere kumeneko, ukamvere iyeyo.”

Tamanda, chibadwire sindinaonepo atsibweni ako akulira, ngakhale pamaliro a amayi athu. Anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pamkanjo. Atandidzutsa pansi anandiyandikira kukhutu labwinoli n'kunena kuti, “Wachedwa, Eveles. Ndinatsala pang'ono kukutumizira bedi.”

Tinatulukira pageti lomwe lija, iwo atakhala pangolo, sutikesi ili pamiyendo. Ndinagwira mkanjo wawo njira yonse, ndipo palibe amene anandiletsa. Anzawo awiri anapita Lachisanu. Tinakawaperekeza, ndipo tambala uja anamudyera limodzi asananyamuke.

Kalata yopepesa ija ndi inoyi. Usazolowere.

Mayi wako,
Eveles


Senga Bay, Salima
17 Novembala, 2024

Tamanda, mwana wa mlongo wanga,

Mtendere ukhale nawe. Sindine wolemba makalata, undikhululukire.

Ndili bwino. Mbande zonse zagwira, kupatula lalanje limodzi limene mbuzi ya a Saidi inadya. Ndimapita ku Misa wapansi. Lachitatu lililonse ndimakwera Chitunda kukaphunzitsa alendo a Mcdonald kupanga makandulo a phula. Ndimavala malaya wamba, ndipo dzuwa likapendeka ndimabwerera kwathu. Belu likalira ndimalimva ndili pakhonde la amayi ako.

Pa tsiku lokumbukira mizimu ya omwalira tinakalambula manda. Amayi ako anandionetsa malo pafupi ndi agogo ako. Ndawauza kuti sindikufulumira.

Amandifunsa tsiku lililonse chifukwa chimene sindinangonena. Ndimawayankha kuti ndinanena, ngolo zingapo. Iwe unamva uli kutali. Mulungu akudalitse. Hidaya akupatsa botolo la uchi woyamba wa pakhomo pano. Lilibe chithunzi.

Atsibweni ako,
Samueli

Tamanda, ndine mayi wako, ndikuwonjezera pansi pano poti atsibweni ako asiya pepala lambiri. Zilembo zikapotoka usadabwe, ndikulemba ndi diso limodzi. Njuchi yandiluma pachikope dzulo ndikuyanika zovala. Jakisoni ndabaya kuchipatala, usade nkhawa, koma nkhope yanga ana akuithawa. Yamikani akuti tisamutse ming'oma ipite ku Lifuwu. Ndamuuza kuti asakhudze. Ndi diso latsalali ndikuwaona achimwene pawindo, akhala pakampando kawo pansi pa mthethe, akulankhula ndi njuchi zawo. Zindilume.